Zirema za m'Pensulo ndi Cuma ca Dziko Lathu

M'magazini ino ambiri amalemba za mpira, za maulendo ndi za makhalidwe abwino. Ine ndapempha malo kuti ndikambe za kanthu kakang'ono kamene diso silingathe kukaona, koma kamene ndikhulupirira kuti kakhudza tsogolo la ife tonse. Caka ndi caka, ikafika nthawi yosankha maphunziro a Fomu 3, anyamata ndi asungwana ambiri amathawa Physics ndi Chemistry monga munthu athawa njoka, nanena kuti zimenezi n'za Azungu, ndi kuti mwana wa ku Hewe, ku Mwazisi kapena ku Mlowe sadzapindula nazo kanthu. Maganizo amenewa ine ndiwakana, ndipo mboni yanga ndiyo pensulo imene iri m'thumba la yense wa inu.

Kamtima kakuda ka m'kati mwa pensulo ndi mwala wochedwa graphite, woperedwa ndi kusakanizidwa ndi dongo. Graphite ndi kaboni. Makala a kukhichini ndi malasha amene amakumba ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi, gawo lao lalikulu ndi kaboni yemweyo, ndipo dayamondi nayenso ndi kaboni. Nanga zisiyana bwanji, cina cofewa, cina colimba kopambana miyala yonse? Zisiyana pa kayalidwe ka maatomu. M'graphite maatomu alumikizana m'timapepala, ndipo kapepala kali konse kaoneka ngati zisa za njuci, timabowo ta ngodya 6 tokhatokha. M'kati mwa kapepala kamodzi maatomu agwirana zolimba zedi, koma kapepala ndi kanzace angosanjikana monga masamba a buku. Cifukwa cace polemba timapepalato timatsetsereka ndi kutsalira pa kope. Kupyapyala kwace n'kodabwitsa, pakuti m'milimita imodzi ya graphite muli timapepala pafupifupi 3,000,000.

M'caka ca 2004 anthu awiri obadwira ku Russia, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, amene anali kugwira nchito pa yunivesite ya Manchester ku England, anatenga kacidutswa ka graphite namata selotepi, namatula, namatanso, kambirimbiri, kufikira anatsala ndi kapepala kamodzi kokha, kocindikala ngati atomu imodzi. Kapepala kameneka dzina lace ndi graphene, ndipo m'caka ca 2010 awiriwo analandira mphotho ya Nobel cifukwa ca nchito imeneyi. Pamene anthu anakayesa anapeza zozizwitsa. Magetsi ndi kutentha zimayendamo msanga. Pa magawo 100 a kuwala, oposa 97 amapyola. M'caka ca 2008 akatswiri a pa yunivesite ya Columbia ku New York anapeza kuti kulimba kwace kuposa citsulo koposa ka 100. Opereka mphotho ya Nobel anawerengera kuti nsaru ya graphene ya mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ingathe kunyamula mphaka wa makilogalamu 4, pamene kulemera kwa nsaruyo sikufika ngakhale miligalamu imodzi.

Tsono funso ndi ili: papita zaka zoposa 20, nanga bwanji sitinaone mlatho wa graphene, kapena cingwe ca graphene cokokera galimoto pa mapiri a Chiweta? Yankho lace lalikulu ndi mau amodzi, zirema. Kacidutswa kamene anayesa ku Columbia kanali kakang'ono kopambana kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kanali kangwiro, atomu iri yonse pamalo pace. Koma munthu akafuna kupanga cinsaru cacikulu, ungwiro umenewo umabvuta kuusunga.

Anzathu a kunyanja adziwa bwino ukonde, ndipo ndiwo amene angamve msanga. Tiyerekeze kuti mfundo iri yonse ya ukonde ndi atomu. Cirema coyamba ndico mfundo yosowa, ndiko kuti atomu imodzi yacoka nisiya mpata. Caciwiri ndi mlendo, atomu ya mtundu wina monga nitrogen kapena boron, imene yakhala pamalo pa kaboni. Cacitatu ndi maso opotoka: maatomu onse alipo, koma awiri atembenuka, kotero kuti timabowo 4 ta ngodya 6 tasanduka tiwiri ta ngodya 5 ndi tiwiri ta ngodya 7. Cimeneci cichedwa ndi maina a Anthony Stone ndi David Wales, amene anacifotokoza m'caka ca 1986. Cacinai ndi msoko, ndipo za msoko ndinena patsogolo.

Zirema zotere ziri m'cinthu ciri conse, m'khasu, m'galasi ndi m'njerwa momwe. Koma m'cinthu cocindikala, malo amodzi akafooka, pamwamba ndi pansi pali maatomu zikwi zambiri amene amasenza katunduyo, ndipo magetsi amalambalala napita. Kapepala ka atomu imodzi kalibe pamwamba, kalibe pansi, konseko ndi khungu. Atomu ikasowa, ndiye kuti pabooka ndithu kufikira mbali ina. Maelekitironi amene amanyamula magetsi amagunda pamenepo nabalalika, kutentha kumacedwa kuyenda, ndipo mpweya ndi cinyezi zimapeza pogwira. Cotero cirema cimene m'citsulo sicikadamveka konse, m'graphene cimasintha khalidwe la cinthu conse.

Za kulimba, mungathe kuyesa lero lomwe. Tengani pepala, muligwire mbali ziwiri ndi kulikoka molunjika, lidzakana. Kenaka muliceke pang'ono m'mphepete ndi kulikokanso. Lidzang'ambika mosabvuta, kuyambira pomwe munacekapo. Mphamvu yonse imasonkhana pa nsonga ya mng'alu. Katswiri wina wa ku England, A. A. Griffith, anafotokoza zimenezi m'caka ca 1921 atayesa timaulusi ta galasi, napeza kuti tating'ono tinali tolimba kopambana tonenepa, cifukwa m'kanthu kakang'ono ming'alu yaikulu iribe malo. M'caka ca 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Rice ndi a ku Georgia Tech ku America anaceka graphene dala naikoka, ndipo inang'ambika mwadzidzidzi monga galasi, pa mphamvu yocepa kwambiri poyerekeza ndi ya graphene yangwiro. Amai oumba mbiya anadziwa kale kuti mtsuko umafera pa kamng'alu kamene mwini anakanyoza.

Tsopano za msoko. Selotepi imapatsa tizidutswa tating'ono tokha. Kuti apeze cinsaru cacikulu, akatswiri a pa yunivesite ya Texas ku Austin anasonyeza m'caka ca 2009 njira yomeretsa graphene pa mkuwa wotenthedwa kufikira madigiri pafupifupi 1,000, popititsapo mpweya wa methane. Kaboni wa mu mpweyawo amagwa pa mkuwa nayamba kulukana, koma sayambira pamalo amodzi. Ziri ngati anthu ambiri olima munda umodzi, wina ayambira kudambo, wina kuculu, wina kunjira, yense ndi mizere yace yoongoka bwino. Pokomana, mizereyo siilingana. Pamalo pokomanapo ndipo pali msoko, ndipo m'caka ca 2011 a pa yunivesite ya Cornell anaujambula ndi makina amphamvu, naona mndandanda wa timabowo ta ngodya 5 ndi 7. Magetsi amabvutika kuoloka msoko woipa. Koma m'caka ca 2013 a ku Columbia aja anasonyeza kuti msoko wolukana bwino umatsala pang'ono kufika pa kulimba kwa graphene yangwiro. Tiona apa kuti mlandu suli pa msoko wokha, uli pa luso la wosoka.

Wina angaganize kuti tsono zirema zonse ndi adani. Iai, ndipo pano ndi pamene nkhaniyi ikoma. Makolo a Aphoka a m'mapiri athu ano anali odziwika pa nchito yosungunula citsulo, ndipo mabwinja a ng'anjo zao akali kuoneka ku Nyika ndi m'mphepete mwace. Khasu linali cuma, kotero kuti mbiri ya Mlowoka, imene timaikumbukira ku Bolero pa Gonapamuhanya, siitha popanda kuchula makasu. Citsulo coyera bwino n'cofewa, cimapindika. Cimene cimacilimbitsa ndi kaboni pang'ono wocokera m'makala a m'ng'anjo, amene amalowa m'mipata ya maatomu a citsulo ndi kuwaletsa kutsetsereka. Koma kaboniyo akapitirira magawo 2 pa 100, citsulo cimaphweka ngati mphika wa cikasiti ukagwa pamwala. Osula athu sanadziwe dzina la atomu, koma muyeso wa mlendoyo anaudziwa ndi maso ndi makutu.

Ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu kumapezeka miyala ya mtengo wapatali ya ruby ndi sapphire. Mwala umene iwo acokerako, ukakhala woyera wopanda mlendo ali yense, ulibe mtundu. Maatomu owerengeka a chromium ndiwo amaufiiritsa kukhala ruby, ndipo citsulo ndi titanium ndizo zimaupatsa mtundu wa thambo. Ogula amalipira cirema. Comweconso sola imene iri pa denga kwathu ndi foni imene timaisiya kunyumba potsegulira sukulu: silicon woyera sapititsa magetsi bwino, koma mukaikamo atomu imodzi ya phosphorus kapena boron pa maatomu 1,000,000, kayendedwe ka magetsi kamaonjezeka koposa ka 1,000. Wailesi, kompyuta ndi sola zonse zaima pa mlendo woikidwa dala ndi mwa muyeso.

M'timapepala topyapyala nzeru yomweyi iri kugwira nchito. Graphene yangwiro siilola ngakhale mpweya wa helium kupyola, monga anasonyeza a ku Cornell m'caka ca 2008. Koma mukaiboola timabowo tolingana, imasanduka sefa. M'caka ca 2015 akatswiri a ku Oak Ridge ku America anacita zimenezi pa kacidutswa kakang'ono, ndipo madzi anapyola, mcere nutsala pafupifupi wonse. Taganizani za midzi imene zitsime zace zimaturutsa madzi a mcere, ngati tsiku lina sefa yotere idzapangidwa yaikulu ndi yochipa. Pali timapepala ta mitundu inanso. M'kapepala ka molybdenum ndi sulphur, malo amene sulphur yasowa ndiwo amathandiza kuturutsa mpweya wa hydrogen m'madzi. M'kapepala ka boron ndi nitrogen, akatswiri a ku Sydney ku Australia anapeza kuti cirema cimodzi cimawala ngati kanyali, kuturutsa kuunika kambeu kamodzikamodzi.

Mfundo yanga tsono ndi iyi. Cirema cobwera mwangozi cimaononga, koma coikidwa ndi munthu wodziwa, pamalo pace ndi pa muyeso wace, cimapatsa cinthu mtengo. Pakati pa ziwirizi paima munthu wophunzira. Ife ana a alimi a fodya ndi khofi tiyenera kumva zimenezi msanga, pakuti tidziwa kuti fodya wa munda umodzi amagulidwa mitengo yosiyana malinga ndi mawanga a pa tsamba, ndi kuti mlimi wosadziwa kusankha amangolandira cimene wogula wanena.

Dziko lathu liri ndi graphite wambiri. Alipo ku Malingunde ndi ku Kasiya m'cigawo ca pakati. Ku Kasiya kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yakhala ikufufuza, ndipo m'caka ca 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulamo gawo. Anansi athu a ku Mozambique anayamba kukumba wao ku Balama m'caka ca 2017. Maiko afuna mwala umenewu cifukwa ndiwo umalowa m'mabatire a mafoni ndi a galimoto zoyendera magetsi. Koma wolowa m'batire ayenera kuyeretsedwa kufikira magawo 99.95 pa 100 ndi kuumbidwa timibulu tolingana, ndipo nchito imeneyi gawo lace lalikulu koposa limacitika ku China. Mtengo wa graphite woyengedwa cotero uposa kangapo mtengo wa wongokumbidwa. Nanga pa tsiku logulitsa, adzayesa ndani kuti graphite wathu ali ndi zirema zocuruka kapena zocepa? Ngati sipadzakhala Mmalawi wodziwa kuyesa, ife tidzagwira fosholo, ena nadzagwira sikelo. Safunsa anadya phula.

Ndidziwa zimene ena a inu mudzayankha. Coyamba mudzati, anthu ali ndi njala, feteleza wakwera, ndipo iwe uli kutiuza za maatomu. Njala ndi yoona, ndipo sindinena kuti tonse tisiye khasu. Koma feteleza amene timamlirayo ndi Chemistry, ndipo timamgula kunja ndi ndalama zimene timazipeza pogulitsa zinthu zathu zosayenga. Dziko limene ligulitsa mwala ndi kugula batire lidzakhala likulira mtengo wa feteleza mpaka kale.

Caciwiri mudzati, tiribe zipangizo. Izinso n'zoona, m'masukulu ambiri cipinda ca sayansi ciri ndi mabotolo opanda kanthu. Koma kumbukirani kuti graphene yoyamba inaturuka pa selotepi. Kumbukiraninso kuti njira imene akatswiri amayesera nayo zirema za graphene lero, younikira kapepalako ndi kuona m'mene kuwala kwasinthira pobwerera, inacokera kwa Mmwenye, C. V. Raman, amene anaitulukira ku Calcutta m'caka ca 1928, dziko lace likali pansi pa Angerezi, nalandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1930. Ndipo kuno kwathu, Dr. Robert Laws atakwera ku Khondowe m'caka ca 1894, ana a m'midzi yomwe ino anaphunzira kusindikiza mabuku, kusema miyala ndi kutumiza lamya, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'phirimo anali kuyatsa magetsi. Iwo sanati zimenezo n'za Azungu. Ife tiri ndi yunivesite ya Livingstonia m'boma lathu lomwe lino, ya Mzuzu pafupi, ndi ya sayansi ku Thyolo imene inatsegulidwa m'caka ca 2014, koma khomo lolowera ku maphunziro a migodi ndi zitsulo ndilo Physics, Chemistry ndi Masamu a Fomu 4.

Cacitatu mudzati, maphunzirowa ndi obvuta, ndipo munthu angaononge nao satifiketi yace. Sindikana kuti ndi obvuta. Koma ndiona kuti gawo lina la kubvutako licokera pa kuloweza zinthu zimene sitinazione. Cifukwa cace ndipempha kuti tiyambe kagulu ka sayansi Loweruka masana, ndipo zipangizo zace tiri nazo kale. Tithire soya m'mbale yafulati ndi kuigwedeza pang'onopang'ono: njerezo zidzadziyala m'mizere, ndipo tidzaona ndi maso mipata, misoko, ndi m'mene njere imodzi ya cimanga ipotozera mizere yoizungulira. Sir Lawrence Bragg ndi John Nye a ku Cambridge anacita cofanana ndi ici m'caka ca 1947 ndi thobvu la sopo, ndipo akatswiri anaphunzirapo zambiri. Tilembe mzere wocindikala ndi pensulo yofewa ya 6B, tiuyese ndi mita ya magetsi, kenaka tiukande ndi singano ndi kuyesanso, kuti tione m'mene cirema cimodzi cichingira njira. Tifunefune mwala wonyezimira wa mica umene umasendeka ngati anyezi, tione kuti tingaupyapyalitse kufikira pati. Tilembe zonse m'kope, ndi manambala ace, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa aphunzitsi athu ndipempha mwaulemu kuti potiphunzitsa za kaboni mutiyambitsire pa malasha a ku Mchenga ndi ng'anjo za Aphoka, kenaka mutifikitse ku Manchester. Ndipemphanso kuti pa tsiku losankha maphunziro musafulumire kucotsa mwana m'kalasi la sayansi cifukwa ca mayeso a teremu imodzi. Kwa alongo athu ndinena kuti mau akuti sayansi ndi ya anyamata alibe umboni uli wonse. Amene adziwa kusankha dongo, kuona mng'alu m'mbiya isanaocedwe ndi kuyesa moto wace, ali kale pakhomo pa nchito imeneyi. Ndipo kwa inu a Fomu 2 amene mudzasankha posacedwa, musafunse kokha kuti phunziro lopepuka ndi liti. Funsaninso kuti pamene magalimoto adzayamba kunyamula graphite wa ku Kasiya kupita kudoko, inu mudzafuna kukhala mutaima pati.

Wophunzira wa Fomu 3